Pulezidenti akamalankhula ndi anzake akunja, amamulondera ndani?

M'mawa wa Lachinayi pa 25 Julayi 2019, nthawi itangopitirira pang'ono 9 koloko, Pulezidenti wa dziko la America a Donald Trump adalankhula pa foni ndi a Volodymyr Zelensky, amene anali atangotha miyezi iwiri ali pampando ku Ukraine. Adacheza kwa theka la ola. Ambiri timaganiza kuti atsogoleri akamaimbirana foni amakhala awiriwiri monga timachitira ife, koma sizikhala choncho. M'chipinda china cha pansi ku White House, chotchedwa Situation Room, mudali anthu angapo atatchera khutu: alembi olemba zimene zikunenedwa, akatswiri a nkhani za Ukraine, ndi alangizi a zachitetezo. Kumvetserako ndi ntchito yawo. Mtsogoleri akalonjeza kanthu kwa mnzake, ndi iwowa amene amaonetsetsa kuti mawa lake boma lachitapo kanthu.

Tsiku limenelo ena mwa iwo adatuluka m'chipindamo mitima isali m'malo.

Kuti timvetse chimene chidawadetsa nkhawa, tiyambe ndi kumene dziko la Ukraine lidali. Chiyambire 2014, pamene Russia idalanda chigawo cha Crimea, asilikali a Ukraine ankamenyana ndi zigawenga zothandizidwa ndi Russia kum'mawa kwa dzikolo, ndipo anthu oposa 13,000 anali atafa kale. Nyumba ya Malamulo ya America, imene amaitcha Congress, idali itavomereza madola 391 miliyoni othandizira chitetezo cha Ukraine. Koma mwezi womwewo wa Julayi, lamulo lidachokera ku White House kuti ndalamazo ziyambe zaima, ndipo akuluakulu ambiri a m'boma sadauzidwe chifukwa chake. A Zelensky ankafunanso chinthu china: kuitanidwa ku White House, kuti a ku Moscow aone kuti mtsogoleri watsopanoyu ali ndi msana wodalira.

Pa foni paja a Zelensky adathokoza chifukwa cha thandizo la America n'kunena kuti akufuna kugulanso mizinga yophulitsira akasinja ya mtundu wa Javelin. Yankho la a Trump ndi limene lidadzagwedeza dziko: adati pali kanthu kamene angakonde kuti Ukraine iwachitire kaye. Adapempha kuti afufuze mphekesera yakuti kompyuta ya chipani cha Democratic, imene idathyoledwa pa chisankho cha 2016, ili ku Ukraine, ngakhale mabungwe a ukazitape a America omwewo anali atapeza kuti adathyola ndi a ku Russia. Kenaka adapempha kuti afufuzenso a Joe Biden ndi mwana wawo Hunter, amene adakhalapo mu bodi ya kampani ya gasi ya ku Ukraine ya Burisma. Adauza a Zelensky kuti alankhule ndi a Rudy Giuliani, loya wawo wa iwo eni amene analibe udindo uliwonse m'boma, komanso ndi nduna ya zachilungamo a William Barr.

Pa nthawiyo a Biden ndi amene ankatsogola pakati pa ofuna kudzapikisana ndi a Trump mu 2020. A Trump ankati a Biden adachotsetsa mkulu wozenga milandu wa ku Ukraine pofuna kuteteza mwana wawo. N'zoona kuti a Biden ali wachiwiri kwa pulezidenti adaumiriza Ukraine kuchotsa mkulu wozenga milandu a Viktor Shokin, n'kuopseza kuti America siikira kumbuyo ngongole ya madola 1 biliyoni. Koma imeneyo idali mfundo ya boma la America, ndipo maiko a ku Ulaya ndi bungwe la IMF ankafunanso kuti a Shokin achoke chifukwa ankalekerera ziphuphu.

Wotsina khutu ndi njira imene adadzera

Patapita milungu iwiri ndi theka, pa 12 Ogasiti, munthu wina wogwira ntchito m'mabungwe a ukazitape adalemba dandaulo la masamba 9. Nyuzipepala ya New York Times idadzalemba kuti anali wa ku CIA, limodzi mwa mabungwewo. Dzina lake boma silidalitulutse pa nthawiyo. Adanena poyera m'kalatamo kuti zambiri sadazione ndi maso ake, koma adazimva kwa akuluakulu a boma oposa asanu ndi mmodzi pa miyezi inayi. Mfundo yake yaikulu idali yakuti Pulezidenti akugwiritsa ntchito mphamvu za udindo wake kuti dziko lakunja lilowerere pa chisankho cha 2020. Adawonjezeranso china chimene ine ndimachiona ngati cholemera mofanana: foni itangotha, maloya a ku White House adalamula kuti zolemba za kuchezako zichotsedwe pamene zimasungidwa nthawi zonse, ziikidwe m'kompyuta yapadera yosungira zinsinsi zakuya kwambiri za ukazitape. Mu foni ija munalibe chinsinsi cha nkhondo kapena dzina la kazitape. Mudali mawu ochititsa manyazi basi.

Pano pali kusiyana kumene anthu ambiri amakusokoneza. Pali munthu amene amatenga zikalata zachinsinsi n'kukapereka kwa atolankhani, monga adachitira a Daniel Ellsberg mu 1971 kapena a Edward Snowden mu 2013. Woteroyo, kaya cholinga chake n'chabwino chotani, amakumana ndi lamulo. Ndiye pali wina amene amatenga nkhawa yake n'kukaitula kwa anthu amene lamulo lidawaika kuti azimva zoterozo, anthu ololedwa kuona zinsinsi. Wa mu 2019 uja anali wa mtundu wachiwiriwu. Sadapite ku nyuzipepala. Adagogoda pakhomo limene boma lenilenilo lidamanga.

Khomolo lili ndi mbiri yaitali. Kale mu Julayi 1778, dziko la America lisadakhazikike n'komwe, aphungu adagwirizana kuti ndi udindo wa aliyense wotumikira dziko kuulula chinyengo chimene wachiona. Adatero atamva za amalinyero amene adaneneza mkulu wawo Esek Hopkins kuti amazunza akaidi a ku Britain, iye n'kuwamangitsa. Mu 1978, chipwirikiti cha Watergate chimene chidagwetsa Pulezidenti Richard Nixon chitadutsa, adakhazikitsa maofesi a Inspector General m'maunduna. Musawafanizire ndi mkulu wa apolisi. Awa ndi ofufuza a mkati mwa boma, ntchito yawo ikufananako ndi ya Ombudsman kuphatikiza ya mkulu wowerengera ndalama za boma. Mu 1989 kudabwera lamulo loteteza oulula zoipa, koma lidasiya kunja ogwira ntchito za ukazitape. Iwowa adapatsidwa lawo mu 1998, ndipo ndi limeneli limene wodandaula uja adatsata.

Lamulo la 1998 limayala njira yooneka yosavuta. Wodandaula amapereka kalata kwa Inspector General wa mabungwe a ukazitape. Iyeyo ali ndi masiku 14 oti aone ngati nkhaniyo ikumveka yoona komanso ngati ili yofunika changu. Akaona kuti ili choncho, amaipereka kwa mkulu woyang'anira mabungwe onse a ukazitape, ndipo mkuluyo ali ndi masiku 7 oti aitumize ku makomiti a zaukazitape a ku Congress. Mawu a lamulowo ndi olamula: azitumiza. Sakumupatsa mwayi wosankha.

Inspector General wa nthawiyo anali a Michael Atkinson, amene adasankhidwa ndi a Trump omwewo. Adafufuza, adalankhula ndi mboni, ndipo adalemba kuti ngakhale pali zizindikiro zakuti wodandaulayo angakhale ndi mbali pandale, nkhani yake ikumveka yoona. Pa 26 Ogasiti adaipereka kwa a Joseph Maguire, amene anali atangotha masiku khumi akugwirizira mpando wa mkulu wa zaukazitape.

Masiku 7 adatha. Kalata sidafike.

Pamene lamulo lidabooka

A Maguire, poona kuti nkhaniyo ikukhudza zokambirana za Pulezidenti, adakafunsa nzeru kwa maloya a ku White House ndi ku unduna wa zachilungamo. Taganizani: dandaulo likunena za Pulezidenti, ndipo dzina la nduna ya zachilungamo lili momwemo, koma okafunsidwa choti achite nalo ndi maloya a Pulezidentiyo ndi unduna wa ndunayo. Sindikunena kuti a Maguire anali ndi mtima woipa. Iwo eni adadzauza aphungu kuti wodandaulayo adachita zoyenera ndipo adatsata lamulo pa sitepe iliyonse. Vuto ndi mmene boma lidamangidwira. Aliyense woimirira pa zipata za njira ija ndi wantchito wa munthu amene akudandaulidwayo.

Yankho la maloya a ku undunawo lidali lakuti nkhaniyi siili m'gulu la zofunika changu zimene lamulo limanena. Adati lamulo limakamba za zolakwika zochitika pa ntchito za ukazitape zimene zili pansi pa mkulu wa zaukazitape, pamene Pulezidenti sali pansi pa mkuluyo, ndipo foni yake si ntchito ya ukazitape. M'malo mopita ku Congress, nkhaniyo idatumizidwa kwa ofufuza milandu a mu unduna womwewo, amene adaitseka atati palibe lamulo la ndalama za kampeni limene lathyoledwa. Mwachidule, olemba lamulo la 1998 ankaganiza za kazitape wakuba kapena bwana wobisa zinthu kwa aphungu. Sadaganize kuti tsiku lina wodandaulidwa adzakhala mwini mudzi. Akuluakulu adati khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo apa mkhatewo udali boma lonse.

Chimene chidasintha zinthu ndi kalata yaifupi. Pa 9 Seputembala a Atkinson adalembera makomiti a zaukazitape kuwauza kuti pali dandaulo limene iwo adaliona kuti ndi loona ndi lofunika changu, koma latsekeredwa. Sadaulule zimene zidali mkatimo. Adangonena kuti lilipo. Tsiku lomwelo makomiti atatu a aphungu adayamba kufufuza zochita za a Giuliani ku Ukraine. Patangopita masiku awiri, pa 11 Seputembala, ndalama zija zidamasulidwa. A Zelensky, amene malinga ndi mboni anali akukonzekera kukalengeza za kafukufuku pa wailesi ya kanema ya CNN, sadakalankhulenso.

Kuyambira pamenepo zinthu zidathamanga. Pa 13 Seputembala wapampando wa komiti ya zaukazitape a Adam Schiff adalamula kuti dandaulolo libwere. Pa 24 sipikala mayi Nancy Pelosi adalengeza kafukufuku wa impeachment (kuimba Pulezidenti mlandu kuti achotsedwe), mawu amene ku Malawi tidawamva kwambiri mu 2005 aphungu atafuna kuchotsa a Bingu wa Mutharika. Mawa lake White House idatulutsa masamba asanu a zokambirana zija, ndi chenjezo pansi pake lakuti si mawu onse ndendende. Pa 26 dandaulo lidatuluka, ndipo aliyense woika mapepala awiriwo pambalipambali adaona kuti munthu amene sadamve foniyo ndi makutu ake adaifotokoza molondola.

Kodi chinsinsi cha mtsogoleri n'choipa?

Ayi, ndipo apa ndi pamene nkhaniyi imalimba. Mtsogoleri ayenera kukhala ndi mpata wolankhula ndi anzake momasuka. Mtendere wambiri padziko udayamba ndi mawu amene akadamveka pagulu tsiku lomwelo akadapha zokambirana. Mtsogoleri wa dziko lina sangatsegule mtima ngati akudziwa kuti mawa mawu ake akhala pa tsamba loyamba. Mu Ogasiti 2017 nyuzipepala ya Washington Post idasindikiza mawu onse a mafoni a a Trump ndi atsogoleri a Mexico ndi Australia, ndipo ngakhale anthu ena osawakonda a Trump adati kumeneko kudali kuwononga. Ndi chifukwa chake White House idachepetsa anthu oona zolemba za mafoni, ndipo oikira kumbuyo a Trump amatchula zimenezi pofotokoza za kompyuta yapadera ija.

Malamulo aakulu a America amapatsa Pulezidenti mphamvu zambiri pa nkhani zakunja: amalandira akazembe, amakambirana mapangano, ndi mkulu wa asilikali. Koma sadampatse zonse. Thumba la ndalama lili m'manja mwa Congress. Senate, imene ndi nyumba yachiwiri ya Congress, ndiyo imavomereza akazembe ndi mapangano. Ndipo khothi lalikulu lidagamula mu 1974, pa mlandu wa matepi a a Richard Nixon, kuti ufulu wa Pulezidenti wosunga chinsinsi ulipo ndithu koma uli ndi malire. Funso lenileni si lakuti Pulezidenti azibisa kapena asamabise. Funso ndi lakuti chinsinsicho chikuteteza dziko kapena chikuteteza iye mwini. Ndipo amene angayankhe funsolo ndi okhawo amene adali m'chipindamo.

Ichi n'chifukwa chake alembi ndi omasulira ndi ofunika kuposa mmene timawaonera. Ku Helsinki mu Julayi 2018, a Trump ndi a Vladimir Putin adakhala pafupifupi maola awiri ali ndi omasulira okha. Aphungu a Democratic adafuna kuitana womasulira wa ku America kuti adzafotokoze, a Republican, chipani cha a Trump, adakana. Kumeneko kunalibe gulu la omvetsera, choncho kunalibenso woti n'kudandaula. Foni ya Ukraine idadziwika chifukwa chimodzi chokha: idachitika mwa dongosolo la masiku onse, anthu antchito akumva.

A Trump adaima pa mfundo yakuti foni yawo idali yabwino kotheratu. Maloya awo adati ndalama zidaperekedwa popanda Ukraine kulengeza kafukufuku aliyense, kuti Pulezidenti ankadera nkhawa ziphuphu komanso maiko a ku Ulaya amene sapereka mokwanira, ndipo a Zelensky eni adanena ku New York kuti palibe adawakakamiza. Mfundo yomalizayi ine siindigwira mtima. Munthu amene asilikali ake akufa, ndipo zida akudikira kwa iwe, sanganene pamaso pako kuti wamuopseza.

Amene adalankhula, ndi zimene adakumana nazo

Chimene chidachitikira wodandaula uja chiyenera kuphunziridwa. Nkhani idachoka pa zimene adanena n'kupita pa funso lakuti iye ndi ndani. Pa 26 Seputembala a Trump, polankhula kwa ogwira ntchito za ukazembe ku New York, adati amene adamuuza nkhanizo ali ngati kazitape, n'kukumbutsa mmene kale ankachitira ndi akazitape ndi oukira dziko. Kudamvekanso kuti asadalembe dandaulo adakafunsako nzeru kwa wantchito wa komiti ya a Schiff, ndipo a Republican adati umenewo ndi umboni wa chiwembu. Pa mlandu ku Senate, seneta wa Republican a Rand Paul adalemba funso lokhala ndi dzina la munthu amene ankamuganizira, ndipo mkulu wa oweruza a John Roberts adakana kuliwerenga. Lamulo la America limaletsa Inspector General kuulula dzina la wodandaula, koma silinena momveka za Pulezidenti kapena phungu wochita zimenezo.

Komatu pofika Novembala dzina lake lidalibenso ntchito, chifukwa anthu amene adaona ndi maso adabwera okha. A Bill Taylor, amene ankatsogolera ofesi ya kazembe ku Kyiv, anali atalemba kale uthenga pa 9 Seputembala kuti ndi misala kumana dziko thandizo la chitetezo pofuna kuti lithandize kampeni. A Gordon Sondland, kazembe ku European Union amene adapereka madola 1 miliyoni pa mwambo wolumbiritsa a Trump, adavomera pa 20 Novembala kuti ulendo wa ku White House udamangiriridwa ku kulengeza kafukufuku. Mayi Fiona Hill, amene adali mlangizi wa ku White House pa nkhani za Russia, adati a Sondland adatumidwa ntchito ya ndale za m'dziko pamene iwo ankagwira ya chitetezo cha dziko.

Amene sindimuiwala ndi msilikali Alexander Vindman. Anali m'chipinda muja pa 25 Julayi, ndipo tsiku lomwelo adakanena nkhawa yake kwa loya wa khonsolo ya zachitetezo ya ku White House. Adabadwira ku Kyiv, adafika ku America ali ndi zaka zitatu, adavulala ndi bomba ku Iraq. Pa 19 Novembala adakhala pamaso pa aphungu atavala yunifolomu yake, pepala likunjenjemera pang'ono m'manja, ndipo pomaliza adalankhula kwa bambo ake amene adathawa Soviet Union zaka 40 m'mbuyomo. Adawauza kuti asade nkhawa, palibe chimuchitikire chifukwa chonena zoona.

White House idakana kupereka zikalata ndipo idaletsa akuluakulu ake kukaperekera umboni. Pa 18 Disembala 2019 aphungu a nyumba yoyamba ya Congress adavota 230 kwa 197 kuti a Trump adagwiritsa ntchito mphamvu molakwika, ndi 229 kwa 198 kuti adatchinga kafukufuku. Adakhala pulezidenti wachitatu kuimbidwa mlandu wotere, pambuyo pa a Andrew Johnson mu 1868 ndi a Bill Clinton mu 1998. Pa 16 Januwale 2020 ofesi yowerengera ndalama za boma, ya GAO, idapeza kuti kuimitsa ndalama kuja kudathyola lamulo la 1974 loletsa Pulezidenti kugwira ndalama zimene Congress yavomereza. Koma kuchotsa Pulezidenti kumafuna maseneta 67 mwa 100. Senate idakana kuitana mboni ndi mavoti 51 kwa 49, ndipo pa 5 Febuluwale idawamasula, 52 kwa 48 pa mlandu woyamba ndi 53 kwa 47 pa wachiwiri. Mwa maseneta a Republican, a Mitt Romney okha ndi amene adavota motsutsana ndi mtsogoleri wa chipani chawo, pa mlandu woyamba. Ena, monga a Lamar Alexander, adavomera kuti zimene zidachitika zidali zosayenera, koma adati oweruza akhale ovota.

Patangopita masiku awiri, a Vindman adatulutsidwa ku White House ndi alonda, pamodzi ndi mapasa anzawo a Yevgeny amene sadaperekere n'komwe umboni. A Sondland adachotsedwa tsiku lomwelo. Mu Julayi a Vindman adasiya usilikali atatumikira zaka 21. Ndipo usiku wa Lachisanu pa 3 Epulo 2020, dziko lonse maso ali pa mliri wa Covid-19, a Trump adachotsa a Atkinson. Mawa lake adauza atolankhani chifukwa chake osabisa: adatenga lipoti labodza n'kupita nalo ku Congress.

Congress idayesa kumata ming'alu. Mu 2022 idasintha lamulo kuti Inspector General yekha ndiye azigamula ngati dandaulo lili lofunika changu, maloya a unduna asamalitsekerenso monga mu 2019. Chaka chomwecho idalimbitsa lamulo lakuti Pulezidenti asadachotse Inspector General azidziwitsa Congress masiku 30, ndi zifukwa zatsatanetsatane. Pa 24 Januwale 2025, patangotha masiku anayi a Trump atalumbiranso, ma Inspector General osachepera 17 adalandira uthenga wa imelo usiku wowauza kuti ntchito yawo yatha pomwepo. Congress sidadziwitsidwe. Asanu ndi atatu mwa iwo adapita kukhothi, ndipo mu Seputembala woweruza adagamula kuti lamulo lidathyoledwadi, koma adakana kuwabwezera pantchito, poti Pulezidenti akhoza kungopereka chidziwitsocho n'kuwachotsanso pakatha masiku 30.